Tinali kuopa cifuwa, kansa ikudya azimai mwakacetecete

Amai anga aang'ono amagulitsa tomato ndi anyezi ku Soweto Market. Kwa zaka zoposa 20 akhala akudzuka pa 04:00 kukacingamira malole obwera ndi katundu kucokera ku mafamu, ndipo sindikumbukira kuti ndinawaonapo akugona masana. Conco tsiku lina mu December 2020, pamene ndinafika kunyumba kwao ku Kanyama dzuwa lili pamutu n'kuwapeza ali gone pamphasa, mtima unandigunda. Kuseri kwa citseko kunali beseni, m'besenimo zitenge zitatu zonyikidwa m'madzi ofiira.

"Ba mami, ivi ni vicani?" ndinafunsa.

"Ni vacizimai cabe, mwana wanga. Usakauze bamai bako."

"Vinayamba liti?"

Anayang'ana kumalata, nawerenga ndi zala. "Pamene banavala masukulu."

Masukulu anatsekedwa pa 20 March 2020, patangopita masiku awiri boma litalengeza kuti anthu awiri oyamba apezeka ndi COVID-19 m'dziko muno. Ndiye kuti mai wa zaka 46 ameneyu anakhala akutaya magazi kwa miyezi 9, akucapa zitenge usiku ana atagona, m'mawa n'kupita kumsika ngati palibe kanthu. Kiliniki ili pafupi, ulendo wapansi wosakwana theka la ola. Nditafunsa cifukwa cake sanapite, yankho lao linali limene ndinadzamvanso kwa azimai ena ambiri pambuyo pake.

"Nenze kuyopa. Pa geti benze kupima na kamfuti kaja pa mphumi. Nati nikapezeka thupi yapya, bazanitenga ku Levy, nizafela kuja neka, bana banga osanionako."

Ndiyenera kuvomera mlandu wanga pano. Miyezi yonseyo ine ndinali pa nchito yolemba za kolona. Tsiku ndi tsiku tinali kuchera khutu ku cilengezo ca nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, Dr Chitalu Chilufya: apezeka angati, acira angati, amwalira angati. Manambala amenewo ndinali kuwadziwa pamtima. Koma sindinafunsepo ngakhale kamodzi kuti nanga odwala matenda ena apita kuti, pakuti mabenchi a m'makiliniki anali opanda anthu. Mmodzi wa osowawo anali m'bale wa amai anga, mimba imodzi.

Matenda amene sadziwa lamulo la boma

Tinapita nao ku kiliniki m'mawa mwake. Nasi atawayang'ana sanacedwe, analemba kalata yotitumiza ku cipatala cacikulu, kumene anadula kanyama kakang'ono kuti akapime. Zotsatira zinabwera mu February 2021: kansa ya khomo la cibaliro.

Kansa imeneyi ndiyo imapezeka kwambiri mu Zambia kuposa kansa ina iliyonse, ndipo ndiyo imapha azimai ambiri. Imayamba ndi kacilombo kochedwa HPV, kamene kamafala pogonana. Kacilomboka n'kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anakhalapo malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi amakatenga nthawi ina pa moyo wao, ndipo mwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Mwa ena kamakhalirira, n'kumasintha khungu la pa khomo la cibaliro pang'onopang'ono. Kuti pafike pa kansa pamatenga zaka 15 mpaka 20, koma kwa mai amene citetezo ca thupi lake n'cofooka zaka 5 mpaka 10 n'zokwana. Bungwe la World Health Organization limati mai amene ali ndi HIV ali pa ciopsezo cowirikiza ka 6 kuposa mnzake amene alibe.

Zaka zonsezo mai samva kupweteka kulikonse. N'cifukwa cake kuyambira mu 2006 dziko lathu linayamba kupima azimai m'makiliniki a boma mwa njira yosavuta: nasi amapaka viniga pa khomo la cibaliro, ndipo pamene pali vuto pamayera. Akapeza kabala kakang'ono amakaumitsa kapena kukaocha tsiku lomwelo, mai n'kubwerera kunyumba. Kupimako n'kwaulere. Koma mai amene akuopa geti ya kiliniki sangapimidwe, ndipo kansa siimva zakuti boma lati tonse tikhale kunyumba.

Kansa ikakula, mpeni wokha suthandiza. Pamafunika makina oocha, amene odwala amangowachula kuti "ku mashini", pamodzi ndi mankhwala a m'diripu ochedwa kemo. Pa nthawiyo makina amenewa anali ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH muno mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007. Mai wa ku Lundazi, wa ku Mongu, wa ku Mbala, onse njira yao inali kuthera pa malo amodzi amenewa. Wodwala amabwera Lolemba mpaka Lacisanu kwa milungu pafupifupi 5, kemo kamodzi pa mlungu, kenako kuocha kwa mkati. Madokotala amafuna kuti zonse zithe mkati mwa milungu 8, cifukwa masiku akapitirira, kansa imapeza mpata wophukanso. Sungani nambala imeneyi, milungu 8, pakuti ndi pamene kolona inagunda azimai ambiri.

Amai aang'ono sanayambe mankhwala mu February. Atamva dzina la matendawo anatseka pakamwa kwa masiku atatu, kenako anayamba ulendo wa mapemphero ndi mizu. Acibale ena anati ku mashini kumapsereza munthu, ena anati amene walowa m'cipatala masiku ano amatuluka m'thumba la pulasitiki. Ife a m'banja tinataya miyezi ina iwiri tikukangana. Anayamba mankhwala cakumapeto kwa May 2021, osadziwa kuti funde lacitatu la mliri lili pakhomo.

Pansi pa mtengo

Masiku amenewo zipatala zinali zitaletsa kuona odwala monga tinazolowera, ndipo operekeza tinali kutsala panja. Ndinatenga chuti, ndipo m'mawa uliwonse ndinali kukhala pa mthunzi kudikira, pamodzi ndi operekeza anzanga ndi odwala amene afika msanga. Tonse tili m'mamasiki, kuonana maso okha. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi azimai amene ndikufuna kuti muwamve. Anandilola kulemba mau ao, koma osati maina ao.

Woyamba ndi mlimi wa nshawa wa ku Petauke, wa zaka 52. Anagulitsa mbuzi zinai kuti apeze ya basi ndi ya kudya, natsikira pa Intercity ndi cikwama cimodzi ndi nambala ya foni ya mwana wa mlongo wake amene amakhala ku Mtendere. Anamulandira, koma m'nyumbamo munali khanda, ndipo iye anali munthu wopita ku cipatala tsiku lililonse pa nthawi imene cipatala cinali malo oopedwa kuposa manda. Anamupatsa mbale yake, kapu yake, ndi malo ogona m'kacipinda kosungiramo malasha.

"Sindiwada, mwananga," anandiuza. "Ndikanakhala ine ndili ndi khanda, kaya ndikanacita bwanji. Koma kwathu wodwala sadya yekha. Nsima ya wekha siitsika. Ndimangomva akuseka uko pa TV, ine ndili ndi mbale yanga pamwendo."

Mu June, ali pakati pa mankhwala, foni inalira usiku: mng'ono wake wamwalira kumudzi. Kupita kumaliro kukanadula masiku a ku mashini, ndiponso lamulo linali lakuti pamaliro pasapitirire anthu 50. Sanapite. M'mawa mwake ndinamupeza pamalo pake pa mthunzi, atamanga duku lakuda. Analira maliro a m'bale wake pa benchi, pakati pa alendo, ndipo ife tinalephera ngakhale kumugwira dzanja. Mai wina anangomuyandikira pang'ono, nayamba nyimbo ya ku chalichi motsitsa mau, enafe n'kuvomera m'kati mwa mamasiki.

Waciwiri ndi wa ku Matero, wa zaka 34, mwini kasaluni. Iye yake inali kansa ya thumba la mazira. Matenda amenewa ndi akabisira: mimba imangofufuma, munthu amakhuta msanga, ndipo ambiri amayesa ndi mpweya kapena zilonda za m'mimba. Alibenso kupima kwapafupi konga kwa viniga kuja. Anamucita opaleshoni, nacotsa cibaliro ndi mazira, kenako kemo. Tsitsi linathothoka lonse, munthu amene nchito yake ndi kukonza tsitsi la anzake.

"Masiki inanithandiza mwandi," anaseka. "Navala wigi, navala masiki, palibe wamene aziba ati nadwala. Tonse tenze kuoneka monga odwala."

Koma kuseka kwake kunali ndi malire. Kemo imatsitsa asilikali a m'magazi, ndipo munthu wotero akagwidwa ndi kolona ngozi yake ndi yaikulu kuposa ya ena. Iye anali kudziwa zimenezi. Anatseka saluni cifukwa kuluka tsitsi n'kupumirana mpweya ndi kasitoma kwa maola atatu. Cilimba cimene anali nao ndi anzake khumi cinasweka, pakuti aliyense bizinesi inali itagwa. Anatenga kaloba kuti alipire lendi. Usiku thupi likatentha, anali kukhala tsonga pabedi mpaka kuca.

"Siuziba ngati ni kemo, ni maleriya, olo ni kolona. Uyopa kuyenda ku cipatala, uyopa futi kunkhala pa nyumba. Mwana wanga wa zaka 6 afuna kunikumbatila akacoka kosewela, ine nimuuza ati yamba wasamba. Tsiku ina ananifunsa ati, mami simunikonda?"

Katemera wa kolona atayamba kuperekedwa mu April 2021, mphekesera zinali ponseponse, m'mabasi ndi pa WhatsApp, zakuti amaumitsa mimba. Iye anafunsa dokotala wake, dokotala namuuza tsiku loyenera pakati pa ma kemo ake, ndipo anabaitsa. "Benze kukamba ati siuzabala. Nati ine cibalilo banacosa kudala, manje nizayopa cani?"

June wa 2021

Amene anali mu Lusaka mwezi umenewo sadzauiwala. Kunali kuzizira, ndipo funde lacitatu linabwera ndi mphamvu imene tinali tisanaionepo. Mabedi anadzaza, mpweya wa m'mabotolo unacepa, pa Facebook panali zithunzi za makandulo zokhazokha. Pa 17 June anamwalira Dr Kenneth Kaunda, ndipo dziko linalowa m'masiku 21 a maliro. Wailesi iliyonse inali nyimbo zacisoni kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Mu mlungu wacinai wa mankhwala, amai aang'ono anayamba kutsokomola. Anapimidwa, napezeka nayo kolona. Mankhwala a kansa anaima kuti ayambe acira, ndiponso kuti asapatsire odwala anzao. Palibe amene akanacita mosiyana, koma ife tinali ndi kalendala pa cipupa, tikuwerenga milungu 8 ija ikutha. Tsiku lililonse limene ndinali kudula ndi bolopeni linali ngati ndikupereka kwa mdani.

Anadzipatula m'cipinda, ife tikuwapatsira cakudya pakhomo. Mwayi wake kolona sinawafike m'mapapo kwambiri. Cimene cinawadwalitsa koposa ndi maganizo. Sanali kugona. Wailesi ya aneba ikuimba za maliro, iwo ali okha ndi denga. Usiku wina anandiitana pa foni, ine ndili m'cipinda cinaco, khoma lokha pakati pathu.

"Tenga pepala na bolopeni," anatero. "Lemba. Tebulo yanga ku Soweto ni ya mkulu wako, asagulise. Uyu wamng'ono asasiye sukulu, olo vinthu vivute bwanji. Ma poto yamene nili nayo mu katoni ni ya kitchen party yake."

Ndinalemba zonse, misozi ikugwera pa pepala, ndikuyesa kuti mau anga asanjenjemere. Pepalalo ndikali nalo.

Atacira kolona panabuka vuto lina. Magazi ao anali atatsika kwambiri, ndipo makina oocha sagwira bwino nchito mwa munthu wocepa magazi. Anafunika kuikidwa magazi. Apa ndi pamene ndinaphunzira cinthu cimene sindinali kucidziwa: mbali yaikulu ya magazi a m'nkhokwe za dziko lino amacokera kwa ana a sukulu za sekondale ndi a m'makoleji. Masukulu akatsekedwa, nkhokwe imauma, ndipo mu June 2021 anali atatsekedwanso. Tinasonkhana anai, ine ndi abale anga, n'kupita kukapereka. Aka kanali koyamba pa moyo wanga. Ndinacita manyazi kuona kuti n'zosavuta motero, mphindi zocepa cabe ndi botolo la zakumwa pambuyo pake.

Anabwerera ku mashini, natsiriza kumapeto kwa July. Milungu 8 inapitirira ndi masiku angapo. Dokotala sanatibise kuti kucedwa si kwabwino, koma anati kutsiriza mocedwa kuli bwino kutalitali kuposa kusiyira panjira.

Za m'nyumba

Pali mbali ya matenda awa imene sitikamba, ndipo mliri unaikulitsa. Kansa ya cibaliro imagwira malo amene mwambo wathu umati ndi a alangizi okha. Pali magazi, pali madzi onunkha, pali ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna. Pambuyo pa makina njira imatha kucepa, ndipo mai amasiya kusamba ngakhale zaka zake zisanakwane. Masiku abwino mai amapeza mnzake kumsika, ku mpondo kapena ku gulu la azimai a ku chalichi, n'kunong'onezana naye. Kolona inatseka malo onsewo, n'kutsekera mai m'zipinda ziwiri ndi mwamuna amene nayenso nchito yamuthera.

Amuna a amai aang'ono anali kugwira nchito pa bawa ina m'tauni. Mabawa atatsekedwa kumapeto kwa March 2020, anakhala pakhomo miyezi yambiri opanda malipiro. Atamva kuti kansa imeneyi imayamba ndi kacilombo kopatsirana pogonana, anasiya kulankhula ndi akazi ao. Anasamukira pa mpando wa pa sitingi rumu. M'mutu mwao munali funso limene sanalichule, koma tonse tinalimva.

Amene anawongola zinthu ndi nasi wina wacikulire. Tsiku lina anatuluka panja pa geti, nawaitanira pambali. Sindinamve zonse, koma iwo eni anandiuza pambuyo pake. Anawauza kuti kacilomboka kangakhale m'thupi zaka 20, kuti amuna ambiri amakanyamula osadziwa, ndipo palibe angaloze cala kuti kanabwera ndi uje. Anawauzanso kuti kansa yeniyeniyo siipatsirana, kaya pa mbale, pa bulangeti kapena pa bedi. Kucokera tsiku limenelo, bambo amene anali kugona pa mpando anayamba kudzuka pa 05:00 kuwiritsa madzi osamba, n'kuwaperekeza mabasi awiri, wa ku Kanyama kufika m'tauni ndi wa m'tauni kufika ku cipatala, atawakhazika ca pawindo kuti apume mpweya wa panja.

Si onse anali ndi mwayi wotero. Wa ku Matero uja mwamuna wake anacoka mu August, ati akafune nchito ku Solwezi. Foni yake ikali kulira, koma sayankha.

Ndalama nazo zinali matenda pa matenda. Kuciyambi kwa 2020 dola imodzi inali pafupifupi K14. Pofika pakati pa 2021 inali itapitirira K22. Thonje, mapadi, sopo, mafuta ophikira, zonse zinakwera. Wodwala kansa amauzidwa kuti adye bwino, mazira, nsomba, zipatso, pamene tebulo lake la kumsika lili lopanda munthu. Azimai angapo anandiuza kuti anali kusankha pakati pa ya basi ya mawa ndi ndiwo za lero.

Amene sanabwere

Nasi uja ndinadzaceza naye bwino mwezi watha, zinthu zitakhazikika. Wagwira nchito ndi azimai odwala kansa kwa zaka zambiri. Ndinamufunsa cimene cinamupweteka koposa.

"Si amene tinali nao," anatero. "Amene tinali nao tinalimbana nao pamodzi. Ondipweteka ndi amene sanabwere. Mai unamuuza kuti ubwere pakapita miyezi itatu, wabwera patapita caka. Pamene unamuona koyamba kanali kabala kakuti tikanathana nako. Lero wabwera miyendo yatupa, impso zatsekeka, ndipo cimene ungamupatse ndi mankhwala ocepetsa ululu cabe. Ukamufunsa akuti, sista, ndinali kuopa kolona."

Anandiuzanso kuti iwo eni anali ndi mantha. Anzao ena anadwala, ena anatumizidwa ku mawodi a kolona, otsala n'kugwira nchito ya anthu awiri. "Nchito yathu ndi ya manja. Mai akamva dzina la matenda ake, umamugwira paphewa. Tsopano uli m'masiki, uli patali, ukumuuza nkhani yotere ali yekha, wopanda ngakhale m'bale womugwirira cikwama. Akatuluka theka la zimene wanena waiwala."

Cimene cinathandiza, iye anati, ndi zinthu zazing'ono. Foni: kumuimbira wodwala amene sanaoneke, kapena kuika m'bale pa sipika pamene dokotala akufotokoza. Odwala okhaokha anapatsana manambala pa mthunzi paja, ndipo mmodzi akasowa anzake anali kumufunafuna. Kwa amai aang'ono, azimai a ku chalichi cao anapeza njira yao. Sanali kulowa m'nyumba. Anali kubwera awiri kapena atatu Lacinai masana, kusiya kapoto ka nsima ndi cibwabwa pakhomo, n'kuimirira kuseri kwa mpanda kuimba nyimbo imodzi. Amai aang'ono amati pa mankhwala onse amene analandira m'masiku a kudzipatula, amenewo ndiwo anawagonetsa tulo.

Mliri wina usanabwere

Pa 17 November 2020, dziko lonse lapansi lili kalikiliki ndi kolona, World Health Organization inakhazikitsa colinga cothetsa kansa ya khomo la cibaliro. Pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera wa HPV asanapitirire zaka 15. Azimai 70 mwa 100 akhale atapimidwa pofika zaka 35 ndiponso pofika 45. Ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto alandire thandizo. Zambia inayamba kupereka katemera ameneyu m'dziko lonse mu 2019, kwa atsikana a zaka 14, makamaka kupyolera m'masukulu. Caka cotsatira masukuluwo anatsekedwa. Mtsikana amene anaphonya jekeseni yake sadzaoneka pa cilengezo ca nduna mawa. Adzaoneka zaka 20 zikubwerazi, pa benchi ya pa mthunzi paja.

Cakumapeto kwa 2021 malamulo anafewa, mabawa anatsegulidwa, mamasiki anatsikira pa cibwano. Koma akatswiri anali kucenjeza za funde lina, ndipo ife a mu Lusaka tikudziwa kuti ikapanda kolona, dzinja limabwera ndi kolera. Tsiku limene boma lidzanenanso kuti khalani kunyumba, lidzanene ndi mau okweza omwewo kuti mai amene akutaya magazi asakhale kunyumba. Zipinda zopimira azimai zikhale zotsegula, ndipo anthu auzidwe pa wailesi kuti n'zotsegula. Wodwala wocokera kutali apezeredwe pogona pafupi ndi cipatala, kuti asakhale mtolo woopedwa m'nyumba ya wacibale. Pa tsiku lomva zotsatira, m'bale mmodzi aloledwe kukhalapo, ngakhale pa foni. Ndipo ife akuluakulu a m'tauni tisasiyire ana a sukulu nchito yodzaza nkhokwe ya magazi.

Kwa inu amai, alongo ndi azakhali amene mukuwerenga: magazi otuluka pambuyo pokhala ndi abambo, magazi a pakati pa mwezi, magazi obwerera mutasiya kale kusamba, madzi onunkha osatha, ululu wa m'ciuno wosamva mankhwala, zimenezi si "vacizimai cabe". Pitani ku kiliniki. Ndipo musadikire zizindikiro, pakuti kupima kumagwira bwino nchito pamene simukumva kanthu. Kwa inu abambo: mukaona zitenge zikucapidwa usiku, funsani, ndipo funsani mwacifundo.

Wa ku Petauke anatsiriza mankhwala, nabwerera kwao mu August. Anandiimbira atafika. Anati asanalowe m'nyumba anapempha kuti amuperekeze ku manda a mng'ono wake, ndipo madzulo ake anadya nsima m'mbale imodzi ndi adzukulu ake. Wa ku Matero watsegulanso saluni, akuluka makasitoma awiri pa tsiku, ndipo kaloba ikali kumutsata. Tsitsi lake layamba kumera, lofewa ngati la khanda.

Amai aang'ono anapita kukaonedwa kumapeto kwa October. Dokotala anati cotupa sicikuonekanso, koma adzapitiriza kuwaona miyezi ingapo iliyonse kwa zaka zikubwerazi, ndipo palibe amene walonjeza kanthu. Abwerera ku Soweto, ngakhale kuti amaweruka pa 12:00 cifukwa msana sulola. Mwana wao wamng'ono, mwini mapoto a m'katoni, anakwanitsa zaka 14 caka cino, ndipo anamutengera okha ku kiliniki kukafunsa za katemera.

Mlungu watha ndinawapeza pa tebulo lao akupanga milu ya tomato. Ndinawauza kuti ndikulemba nkhani yao, ndipo ndinafunsa ngati pali cimene akufuna kuti ndiikemo. Anapukuta manja pa citenge, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe wamene ulemba, uli na zaka zingati?"

"28, ba mami."

"Unapimisako?"

Ndinakhala cete.

"Mailo pa 07:00 nikupeze pa geti ya kiliniki. Nizakupelekeza neka."

Anandipeza. Zonse zinatenga mphindi zosakwana 20, ndipo iwo anali panja pa benchi, atandigwirira cikwama.